Amisiri a Chipilala cha Nkhondo ndi Mayina Amene Adatsala

Awa ndi mawu amene adalankhulidwa ku Kawale pa msonkhano wa atsogoleri a nthambi za Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ochokera ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, pokonzekera mwambo wokumbukira asilikali amene adafera ku nkhondo.



Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, timasonkhana pa nsanja ya ku Area 18. Ikakwana 11 koloko lipenga limalira, tonse timakhala chete mphindi ziwiri, akuluakulu amaika nkhata za maluwa, kenaka aliyense amabwerera kwawo. Ndondomeko ya mwambowo mwaimva kale kwa amene alankhula ine ndisanaimirire, ndipo sindibwerezanso. Ine ndikupempha kuti lero tiyang'ane nsanja imeneyo, pamodzi ndi zipilala zina zonga iyo, ndi maso a mmisiri. Pakuti chipilala sichimera chokha ngati bowa. Pamakhala munthu amene adakhala pansi ndi pensulo ndi pepala, nasankha kuti apa pakhale mwala, apo pakhale chiboliboli, dzina ili lilembedwe, ilo litsale. Zimene munthu ameneyo wasankha tsiku limodzi, mtundu umakhala nazo zaka 100.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndikhulupirira kuti palibe munthu wamkulu muno amene sadamangitseko chiliza cha kholo lake. Mukudziwa m'mene zimakhalira. Abale amakumana, malume amakhala pakati, ndipo asanaitane mmisiri amayamba agwirizana: tilembe dzina liti, la ubatizo kapena la kumtundu? Chaka chobadwa akuchikumbukira ndani? Mmisiri amabwera pambuyo, nalemba zimene eni maliro amuuza, ndipo akaphonya chilembo chimodzi mlandu wake sutha msanga. Chipilala cha nkhondo ndi chiliza cha mtundu wonse. Motero mafunso ake ndi omwewo: eni maliro ndani, mmisiri ndani, ndipo adauzidwa kuti alembe yani?

Tiyambe ndi amene adafa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, siidachedwe kufika kuno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idawoloka nyanja nikawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa gombe la Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli. Mfuti ya Guendolen mukhoza kukaiona pa boma la Mangochi. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho mwazi udakhetsedwa ku Karonga. M'mwezi wa Novembala Mbusa John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera mkangano umene si wawo, ndipo pa 23 Januwale 1915 adaukira boma la atsamunda.

Pofika chaka cha 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 adali atalowa usilikali. Koma amene adatengedwa kukasenza katundu, amtengatenga, adali pafupifupi 200,000, m'dziko limene kalembera wa 1921 adapezamo anthu pafupifupi 1,200,000 okha. Tawerengani nokha, muchotsepo amayi, ana ndi nkhalamba, muone ngati padatsala mudzi umene sudakhudzidwe. Chifukwa chake chidali chakuti kumene kunkamenyedwa nkhondo kudalibe misewu, ndipo ntchentche za kashembe zinkapha ng'ombe ndi akavalo. Galimoto la nkhondo imeneyo lidali mutu wa munthu. Ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala, zonse zidayenda pa nkhata, kuchokera ku Karonga kulowa m'dziko la Ajeremani limene lero ndi Tanzania, ndipo pambuyo pake mpaka ku Mozambique. Ambiri mwa iwo sadafe ndi chipolopolo ayi. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala, ndi chimfine choopsa chija cha 1918. Kumudzi amayi ankasinja chimanga chodyetsa asilikali, ana awo akugona ndi njala.

Mundilole ndinene za kwathu pang'ono. Agogo anga aakazi ankasimba kuti bambo awo adatengedwa usiku ndi amesenjala a boma, chimanga chitangomasula, ndipo sadabwerenso. Mudzi udadikira dzinja limodzi, nudikiranso lina. Potsiriza akuluakulu adadula thunthu la nthochi, nalikulunga mu mphasa, naliika m'manda, kuti maliro ametedwe ndipo mkazi wamasiye amasuke. Agogowo adamwalira akutchula dzina la bambo awo, koma dzina limenelo silidalembedwe pa mwala uliwonse. Ndikudziwa kuti muno si ine ndekha.

Nkhondo itatha, m'zaka za m'ma 1920, atsamunda adamanga nsanja ya njerwa zofiira ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks. Aliyense wolowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre amaiona. Tinene zoona, amene adaikonza adachita chinthu chimodzi chabwino: adalembapo mayina a asilikali akuda a gulu la King's African Rifles amene adafa. Koma nsanjayo ndi ya gulu la asilikali, ndipo mtengatenga sadali msilikali. Adalibe mfuti, adalibe udindo. Dzina lake lidathera m'kaundula wa bwana Disi, ngati lidalembedwa n'komwe.

Kwa anansi athu zidafika poipirapo. Amene mudapitako ku Dar es Salaam kukaoda katundu mudachiona chiboliboli cha msilikali chili pakati pa mzinda, atagwira mfuti yokhala ndi mpeni kunsonga, ataloza kudoko. Amene adachiumba ndi mmisiri wa ku Britain, James Alexander Stevenson. Mkuwa wake adausungunulira ku London, ndipo adachivundukula mu 1927, pamalo pomwe kale padali chiboliboli cha Mjeremani Hermann von Wissmann, mwini dzina la sitima ija. Stevenson yemweyo adapanganso zipilala za ku Mombasa ndi ku Nairobi, ndipo pa zimenezi mtengatenga waima pambali pa msilikali. Luso lilipo, sindingakane. Mawu olembedwa patsinde pake adawakonza mlembi wotchuka Rudyard Kipling, ndipo amalonjeza womwalirayo kuti ana ake adzakumbukira dzina lake. Koma mukazungulira chipilala chonsecho simupezapo dzina la munthu wakuda ngakhale limodzi. Adalonjeza dzina pa mwala wopanda mayina.

Kodi cholakwa chidali cha mmisiri? Taonani za Sir Edwin Lutyens, katswiri wolemba mapulani a nyumba amene adajambula chipilala chachikulu cha ku London chotchedwa Cenotaph. Tanthauzo la dzinali ndi manda opanda mtembo, chimodzimodzi thunthu la nthochi lija la kwathu. Poyamba, mu 1919, adachimanga ndi matabwa ndi pulasitala, choti chikhale masiku owerengeka. Anthu ofedwa adakhamukirako ndi maluwa kotero kuti boma lidalamula kuti chimangidwe ndi mwala, ndipo adachivundukula pa 11 Novembala 1920. Pamenepo palibe mayina. Koma Lutyens yemweyo atauzidwa kuti akumbutse asilikali amene mitembo yawo siidapezeke ku Somme, m'dziko la France, adajambula chipilala cha Thiepval chokhala ndi zipupa zambiri dala, kuti mayina oposa 72,000 akwanepo, ndipo adakwanadi. Choncho njira yolembera mayina ankaidziwa. Kuno ku Afirika eni ntchito sadafune. Akuluakulu ena a atsamunda adafika ponena kuti munthu wakuda sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda. Ankanena ife amenewa, ife amene timasunga ndalama zaka ziwiri kuti timange chiliza!

Zimenezi si zopeka zanga. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Afirika, sadakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sadakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya za chitetezo ya ku Britain panthawiyo, a Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Kupepesako tidakumva. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsopano tibwere kwathu kuno ku Lilongwe. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, koma chikumbutso cha asilikali chidatsalira komweko zaka pafupifupi 30, kufikira pamene Boma la malemu Bingu wa Mutharika lidamanga nsanja ya ku Area 18. Pofika nthawi imeneyo oyenera kukumbukiridwa adali atachuluka. Padali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: amene adalimbana ndi Ataliyana ku Moyale mu 1940, kumene kudachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu, ndi amene adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za ku Burma. Padali a ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, ndi amene adalondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987. Ndipo m'ndandandawu sudatsekedwe: mu Novembala 2018 tidataya asilikali asanu ndi mmodzi amene ankasungitsa mtendere kum'mawa kwa dziko la Congo.

Amene adajambula nsanja yathuyi adasankha kutalika, monga adachitira a ku Zomba, ndipo adaiika pamalo oyera, pafupi ndi Capital Hill, poti aliyense wodutsa aione. Adachita bwino, ndipo mzinda uno udalemekezeka nayo. Ndili ndi mawu awiri okha. Oyamba: mu 2009 patsogolo pake padaimikidwa chiboliboli cha Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Ulemu wake sindikuuchepetsa ngakhale pang'ono. Koma mmisiri aliyense adzakuuzani kuti diso la munthu limathamangira nkhope lisanaone khoma, ndipo ndaona ndi maso angawa akwati ndi ana a sukulu akujambulitsa pa chiboliboli, nachoka osafunsa kuti nsanja ili kumbuyo kwawoyo ndi ya yani. Achiwiri: nsanja imaoneka patali, koma dzina limawerengedwa pafupi. Mwana wa ku Chinsapo kapena wa ku Area 23 kuti akafike kumeneko ayenera kukwera maminibasi awiri, ndipo akafika, ngati kholo lake lidali mtengatenga, amuonetsa chiyani?

Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti chiliza cha mtundu wathu sichidathe. Tsiku lina, kaya msanga kaya mochedwa, tidzafuna kuchimaliza, ndipo mapepala ake adzadutsa pa matebulo anu, inu a m'maofesi a Boma. Funso lidzakhala lakuti: ajambule ndani?

Njira yapafupi ndi yoitanitsa kunja. Abale athu a ku Zimbabwe atayamba kumanga Heroes Acre mu 1981 adagwira ntchito ndi akatswiri a ku North Korea. A bungwe lomwelo la Mansudae adamanganso Heroes' Acre ya ku Windhoek imene idatsegulidwa mu 2002, ndi chiboliboli chachikulu cha ku Dakar mu 2010. Ntchito yawo ndi yolimba ndipo amamaliza pa nthawi yake. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale, ndipo sindikunyoza anansi athu. Koma mukaika zithunzi za zipilala zimenezi pamodzi muona kuti kaimidwe kake n'kofanana, chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba. Mtengatenga wa kwathu sadaime choncho. Adawerama, nkhata ili pamutu, mapazi atang'ambika. Woti amuumbe bwino ndi amene adasenzapo thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo.

Njira ina ndi ya mpikisano. Dziko la America litafuna kukumbukira asilikali ake amene adafera ku Vietnam, lidaitana aliyense wofuna kuti atumize pulani. Adalandira mapulani 1,421, ndipo oweruza ankaona manambala okha, osadziwa mwini pulani. Amene adapambana mu 1981 adali mtsikana wa zaka 21, Maya Lin, akadali pa sukulu ku yunivesite ya Yale. Iye sadajambule nsanja kapena msilikali. Adajambula khoma la mwala wakuda wonyezimira, lolowa pansi, lokhala ndi mayina pafupifupi 58,000, kotero kuti wowerenga dzina amaona nkhope yake yomwe pakati pa mayinawo. Ena adakwiya, nati khomalo likuchititsa manyazi, mpaka mu 1984 adawonjezapo chiboliboli cha asilikali atatu chimene adaumba Frederick Hart. Komabe kumene ofedwa amakaika dzanja ndi pa khomalo. Akadati oweruza aziona mayina a olowa mpikisano, ndikukayika ngati mwana wa sukulu akadadutsa.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi cha ku Cape Town. Mu Januwale 2025 kudatsegulidwa chikumbutso cha anthu akuda a ku South Africa oposa 1,700 amene adafa akugwira ntchito za mtengatenga ndi zina zotero pa nkhondo yoyamba ija. Pulani yake idasankhidwa pa mpikisano, ndipo adapambana ndi akatswiri a m'dziko momwemo, a Dean Jay Architects a ku Durban. Munthu aliyense adamuimikira mzati wake wa mtengo wolimba, wolembedwa dzina lake. Wolowa m'menemo amayenda pakati pa mizati ngati akuyenda pakati pa anthu. Ambiri mwa anthu amenewo adafera kum'mawa kwa Afirika, m'njira zomwe adadutsamo makolo athu.

Wina anganene kuti kuno kulibe amisiri otere. Ameneyo sadayende. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Adachijambula ndi Mbusa David Clement Scott, amene sadaphunzireko za mapulani, koma manja amene adaumba njerwa nazisanja adali a anthu a kuno, ndipo chikadali chiimire. Ku Mua, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adatulutsa osema amene ntchito zawo zidafika maiko akutali. Ku MUBAS ana athu amaphunzira kulemba mapulani, ku Zomba amaphunzira zojambula ndi zosema, ndipo akatswiri athu a mapulani ali ndi bungwe lawo. Nanga muno m'makwalala mwathu? Pitani ku Biwi mukaone m'mene amawotcherera zitsulo. Pitani ku Mchesi kwa akalipentala. Funsani amene amalemba miyala ya ziliza kuti chilembo chizame bwanji pofuna kuti mvula ya zaka 50 isachifute. Katswiri wa mapulani wanzeru adzakhala nawo pansi anthu amenewa, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Ndipo tisaiwale kuti oyamba kukonza chikumbutso cha nkhondo m'dziko muno sadagwire pensulo konse. Makolo athu adatenga perete wa asilikali, mayunifolomu, ndodo ya bwana ndi malipenga a bandi, nazisandutsa magule: beni ku Mangochi ndi Machinga, malipenga ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda kuno m'chigawo chapakati. M'malo mwa lipenga la mkuwa adaimba chikho. Pamene atsamunda ankaunjika njerwa, iwo adaika nkhondoyo m'miyendo, ndipo mpaka lero ikuvinidwa. Chikumbutso chopanda bwalo lovinirapo magule amenewa chidzakhala chosalankhula chilankhulo chathu.

Ndikadakhala ine wolemba malangizo a mpikisano, ndikadati mayina asasanjidwe potsata udindo wa usilikali, koma potsata boma ndi mfumu yaikulu. Umo ndi m'mene timafunsirana: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani? Wa ku Mgona amene kwawo ndi ku Ntchisi apite molunjika pa Ntchisi, sajeni ndi mtengatenga a mudzi umodzi awapeze ali pamodzi monga agonera kumanda a kwawo. Pansi pa boma lililonse pasiyidwe malo osalemba, pakuti mayina ena adzapezeka ife titapita. Mawu a pakhomo alembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde, Chingerezi chibwere pambuyo. Za mkuwa tichenjere nazo: tonse tikudziwa kumene zimathera zitsulo za m'misewu yathu usiku. Njerwa zootcha ndi nkhuni malamulo a 2018 adaziletsa pa zomanga za Boma. Mwala tili nawo wambiri. Pakhalenso mitengo ya mthunzi ndi pokhala, chifukwa kwathu kuno pa maliro sitiima chiimire, timakhala pansi.

Koma mmisiri, ngakhale waluso chotani, sangalembe dzina limene sadapatsidwe, ndipo apa ndi pamene ntchito ikugwera ife. Zina zili m'mafayilo a ku National Archives ku Zomba. Zina zili m'mabuku akale a mipingo, ku Nkhoma, ku Likuni, ku Livingstonia. M'zaka za m'ma 1970 mphunzitsi wa mbiri yakale Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, adayenda m'midzi kujambula mawu a asilikali ndi amtengatenga amene adali akadali moyo, ndipo m'menemo mudatuluka buku lotchedwa The Chiwaya War mu 2000. Onse amene adacheza nawo adapita. Otsala ndi adzukulu awo, amene lero ndi nkhalamba za zaka 70 ndi 80, ndipo ambiri a iwo akukhala ndi ana awo muno m'Kawale, ku Area 25 ndi ku Chinsapo. Tauni ino ili ndi mwayi umene mudzi ulibe: mumsewu umodzi mumapezeka anthu a maboma khumi.

Pempho langa kwa inu atsogoleri a nthambi ndi ili. Nthambi iliyonse igule kope limodzi lachikuto cholimba. Mugwirizane ndi mafumu a m'dera lanu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndipo polemba musafunse munthu za chipani chake, popeza amesenjala aja pogwira anthu sadafunse. Mulembe dzina la amene adapita, ndi dzina lina lililonse limene ankadziwika nalo, chifukwa ambiri adalembetsa ndi mayina a pantchito ndipo alembi a asilikali ankalemba m'mene khutu lawo lamvera. Mulembe mudzi, mfumu yaikulu, boma, nkhondo yake, ngati adali msilikali kapena mtengatenga, ngati adabwerako kapena ayi, ndi dzina la amene wakuuzaniyo. Ngati pakhomopo pali mendulo, chithunzi kapena kabuku ka usilikali, musatenge. Mungojambula ndi foni, mubweze kwa eni ake. Chimene munthu sakuchikumbukira musachidzaze ndi maganizo anu, musiye mpata. Inu a m'maofesi, makope amenewa akadzakupezani, musawaike pansi pa mafayilo a malipiro.

Tsamba loyamba la kope la nthambi yathu ndalemba kale dzina la bambo a agogo anga. Amene mwabwera ndi mayina lero, mlembi wakhala pa tebulo la pakhomo ndipo sachoka mpaka onse alembedwe.